Yezani Mkwamba Musanakoke Uta

Ophunzira anga, lero mauta ayamba akhala kaye m'bokosi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayenda mtunda wautali wapansi, ena mwatsika basi pamsewu wa Great East pa Chongwe pomwepa, ndipo nonse mumayembekeza kuti dzuwa likamapendeka mukhala mutalasa kale chandamale. Mudzaponya ndithu, mitima ikhale pansi. Koma zida zoyambira phunziro lathu ndi zitatu zokha: tepi ya telala, choko ndi khoma la kalasi yathu. Munthu akafuna kusoketsa yunifolomu, telala sadula nsalu asanamuyeze. Uta ulinso ndi saizi yake. Wophunzira amene wapatsidwa uta wosamuyenera amayamba kuphunzira zolakwika pa muvi woyamba womwe, kenako amadziyesa wopanda luso pamene vuto lili pa chida.

Uta si mlendo m'dziko lino. Pa akasupe otentha a Gwisho, ku Lochinvar m'chigwa cha Kafue, akatswiri ofukula zakale anapeza m'zaka za m'ma 1960 zidutswa za mauta ndi mivi yamtengo zimene zinasungika m'dothi lachinyezi kwa zaka pafupifupi 4,000. Mvula ikakata timaona uta wa Leza kumwamba, ndipo dzina la Chauta ambiri amalimasulira kuchokera ku uta womwewo. Mlenje wakale sankasowa tepi, chifukwa uta ankadzisemera yekha, kapena ankamusemera amalume ake iye ali pomwepo. Ankasema pang'ono, n'kukoka, n'kusemanso, mpaka mtengo utamvana ndi mkono wa mwini wake. Mnyamata ankayamba ndi kauta ka nsungwi ndi mivi ya bango, ndipo uta unkakula naye limodzi. Lero mauta amachokera kumafakitale a ku Korea, China ndi America atalembedwa manambala. Kalabu ya pasukulu imatha kukhala ndi mauta anayi okha, ana ali gulu. Ntchito yanga ndi yanu ndi kuchita ndi tepi chimene mlenje uja ankachita ndi nsompho.

Diso liyambe

Tambasulani manja onse patsogolo, musanjike zikhatho kuti pakati pa zala patsale kabowo kakang'ono. Maso onse ali otsegula, suzumirani pakabowopo chinthu chimene chili patali, monga mtengo wa golo kubwaloko. Tsopano bweretsani manja kunkhope pang'onopang'ono osachitaya chinthucho. Mupeza kuti kabowo kaima pa diso limodzi. Limenelo ndilo diso lanu lotsogolera. Ngati ndi lakumanja, nsinga mudzakoka ndi dzanja lamanja, uta mudzagwira ndi lamanzere. Ngati ndi lakumanzere, mudzasinthanitsa. Mauta a masiku ano amakhala ndi mpata wodutsa muvi mbali imodzi yokha, choncho uta wa munthu wamanja suyenera wamanzere.

Pamenepa ndili ndi pempho kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga. Kwathu kuno kupereka kapena kulandira chinthu ndi dzanja lamanzere ndi mwano, ndipo ana ambiri amanzere anadzudzulidwa ali aang'ono mpaka anazolowera kubisa. Pa uta palibe mwambo wotero, musawakakamize. Nthawi zina diso ndi dzanja zimatsutsana. Kwa woyamba kumene ine ndimatsata diso, popeza dzanja limaphunzira ntchito yatsopano msanga kusiyana ndi diso.

Mkwamba

Agogo athu pogula nsalu sankatchula mamita. Ankati mkwamba umodzi, mikwamba iwiri. Mkwamba ndi utali wochokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja lina kufika kunsonga ya chinzake, munthu atatambasula mikono yonse. Muyeso wa agogowo ndi umene makochi a m'mayiko ambiri amayambira pofuna kudziwa pamene munthu angafikitse nsinga.

Khalani awiriawiri. Woyezedwa atsamire khoma, msana uli chilili, mikono itatambasuka molingana ndi mapewa, zikhatho zikuyang'ana kutsogolo. Asadzikoke pofuna kuposa mnzake, pano sitikupikisana. Mapewa akhale pansi, apume bwinobwino. Mnzake alembe ndi choko pamene pathera chala chapakati, uku ndi uku, kenako ayeze pakati pa zizindikiro ziwirizo. Nambala imene mwapeza muigawe ndi 2.5.

Tiyeni tiwerengere limodzi pabolodi. Mkwamba wa masentimita 160 ukagawidwa ndi 2.5 ukupereka masentimita 64. Popeza mauta ndi mivi zimalembedwa m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54, tigawenso: tikupeza mainchesi 25 ndi kachidutswa. Mwana wa mkwamba wa masentimita 140 akupeza 56, amene ndi mainchesi 22. Wamkulu wa 175 akupeza 70, amene ndi mainchesi 27 ndi theka. Amene masamu sakuvutani mungadumphe sitepe imodzi pogawa mkwamba wanu ndi 6.35, muona kuti yankho ndi lomwelo. Nambala imeneyi pa Chingerezi amati draw length, ndipo ndi mawu amene mudzawapeze m'masitolo ndi pa intaneti. Ife tizinena kuti utali wa kakokedwe.

Musaigwiritsitse nambalayi ngati lamulo. Anthu awiri angafanane mkwamba koma wina ali ndi chifuwa chachikulu ndi mikono yaifupi, mnzake ali ndi zala zazitali ndi mapewa opapatiza. Kusiyana kwawo pa uta kumatha kufika inchi yathunthu. Khoma latithandiza kusankha uta ndi muvi woyambira popanda ngozi, basi. Utali weniweni umaoneka munthu akaima bwino n'kukoka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse.

Mafupa ndiwo amanyamula

Taganizani za mayi amene akuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Ndowayo sainyamula ndi mphamvu ya mikono. Amaikhazika pakati pa mutu, kulemera kwake n'kutsika ndi khosi, msana ndi miyendo mpaka pansi, ndipo amayenda nayo kutali akucheza ndi anzake. Ikapendekeka pang'ono, khosi limayamba kuwawa asanafike pena paliponse. Kukoka uta n'chimodzimodzi. Pali malo amodzi pamene mafupa a mkono wogwira uta, mapewa onse awiri ndi chigongono chokoka zimakhala pamzere, ndipo pamenepo mphamvu ya uta imatsamira pa mafupa. Utali wa kakokedwe kanu ndi mtunda umene nsinga yayenda pofika pamalo amenewo. Simuusankha ayi, thupi lanu linausankha kale.

Tiphunzira kaimidwe ndi malegeni tisanakhudze uta. Dulani mphira ya chubu cha njinga, yotalika ngati mita imodzi ndi theka, mumange nsonga zake pamodzi. Imani chammbali, phewa la dzanja logwira uta litaloza chandamale, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa. Mphira itsamire pa mnofu wa pansi pa chala chachikulu, zala zisafinye. Tembenuzani chigongono cha mkono umenewo kuti mkati mwake muyang'ane kumbali, musayang'ane kumwamba. Phewa likhale pansi, lisakwere kukhutu. Dzanja linalo likole mphira ndi zala zitatu, chamkombaphala ndi ziwiri zotsatira, pa mfundo yoyamba ya chala chilichonse. Kwezani mikono yonse pamodzi. Pokoka, iwalani za dzanja, ganizani za chigongono kuti chikuzungulira kupita kumbuyo, ndipo mumva fupa la kumbuyo kwa phewa likusendera kumsana. Mutu usasunthe. Nsinga ndiyo ibwere kunkhope, nkhope isapite kukaichingamira.

Dzanja lokoka liyenera kukhala ndi pofikira pake, pamodzimodzi nthawi zonse. Oyamba kumene amaika nsonga ya chala chamkombaphala pangodya ya kamwa. Oponya ndi cholozera, monga a mpikisano wa Olimpiki, amalowetsa dzanja pansi pa nsagwada, nsinga n'kukhudza chibwano ndi nsonga ya mphuno. Njira ziwirizi zimasiyanitsa utali pang'ono, choncho poyeza muzilemba imene mwagwiritsa ntchito.

Inu oonerera, imani kumbuyo kwa mnzanu, muphunzire kuona ndi maso a kochi. Amene wakoka mopitirira mumuzindikira motere: thupi lapendekera kumbuyo ngati akukana kukokedwa ndi ng'ombe, chifuwa chatuluka, mutu wagada, dzanja lafika kukhutu, mkono wogwira uta waumitsidwa mpaka chigongono chalowa m'njira ya nsinga. Amene wakoka moperewera ali ndi zake: phewa lakutsogolo lakwera, mkono wapindika, khosi latambasukira kutsogolo kufuna nsinga, ndipo chigongono chokoka chaloza kumbali m'malo moloza kumbuyo. Wotereyu amanjenjemera msanga chifukwa minofu ya mkono ndiyo ikugwira ntchito yonse. Amene wafika poyenera amaoneka wodekha. Mukaima kumbuyo kwake, nsonga ya muvi, dzanja lokoka ndi chigongono zimakhala pafupifupi pamzere umodzi.

Sindiiwala mtsikana wina wa zaka 13 amene anabwera tsiku lachiwiri atavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Nditamufunsa, anapinda dzanja la juzi mwamanyazi. Mkati mwa mkono wake wamanzere, kuyambira pachigongono kutsika, munali mutatupa, muli bii ngati wamenyedwa ndi lamba. Dzulo lake tinamupatsa uta umene unatsala, wa akuluakulu, ndipo wina anamuuza kuti akoke mpaka kukhutu kuti muvi ufike. Anachitadi zimenezo maulendo ambiri, nsinga ikumukwapula, iye osadandaula poopa kuti anyamata amuseka. Mlandu unali wanga, chifukwa sindinamuyeze. Titamuimika pakhoma tinapeza mainchesi 23. Tinamupatsa uta wofewa ndi chotchinga mkono, tinamuonetsa katembenuzidwe ka chigongono, ndipo masabata atatu asanathe mivi yake inali ikugwera pamodzi. Chiyambire tsiku limenelo sindipereka uta kwa munthu amene dzina lake mulibe m'kope la miyeso.

Kaimidwe kakakhazikika, timayeza pa uta weniweni. Timatenga uta wofewetsetsa ndi muvi wautali kwambiri. Wophunzira amaima pamzere atayang'ana chandamale, kutsogolo kulibe munthu, n'kukoka kufika pofikira pake. Mnzake, ataima pambali kumbuyo kwa nsonga ya muvi, amaika kachizindikiro pa muvi pamene walingana ndi m'mphepete mwa chogwirira, mbali yoyang'ana chandamale. Kenako wophunzira amabweza nsinga pang'onopang'ono osaponya. Chitani katatu kapena kanayi, mutenge pamene zizindikiro zachulukana, muyeze kuchokera mkati mwa kamphanda kolowa nsinga kufika pamenepo. Opanga mauta anagwirizana kuti utaliwu uziwerengedwa kuchokera pa nsinga kufika pakhosi la chogwirira, pamene pamatsamira dzanja, n'kuwonjezerapo mainchesi 1.75, amene ndi pafupifupi masentimita 4.5. Pa mauta ambiri, m'mphepete muja muli pafupi kwambiri ndi muyeso umenewu, n'chifukwa chake njira yathu yachidule imakwanira.

Kulimba kwa uta

Tengani phiko limodzi la uta, ndiko kuti mbali imodzi mwa ziwiri zopindika zija, muyang'ane kumunsi kwake. Mupeza manambala onga awa: 66, 24 ndi 28. Yoyamba ndi utali wa uta m'mainchesi. Yachiwiri ndi kulimba kwake m'mapaundi. Yachitatu ikukuuzani kuti mapaundi 24 amenewo amapezeka nsinga ikakokedwa mainchesi 28, amene ndi masentimita 71. Ambiri amawerenga nambala yapakati yokha, n'kuiwala kuti uta umalimbiralimbira pamene ukukokedwa. Pa mauta ofewa inchi iliyonse imawonjezera paundi imodzi ndi kachidutswa, pa olimba imawonjezera pafupifupi mapaundi awiri. Choncho uta womwewo wa 24, kwa wokoka mainchesi 25 uli pafupi ndi mapaundi 20, pamene kwa wamtali wokoka 30 uli pa 26 kapena 27. Anthu awiri obwerekana uta umodzi sakunyamula katundu wofanana. Mukaona muvi wa mnzanu ukugwera m'munsi mwa wanu, musathamangire kunena kuti alibe mphamvu, mwina nsinga yake ikuyenda mtunda waufupi.

Paundi imodzi ndi pafupifupi theka la kilogalamu, kunena mwatchutchu magalamu 454. Ana a kupulayimale ayambe ndi mapaundi a pakati pa 10 ndi 16. Achinyamata ndi akuluakulu ayambe pakati pa 16 ndi 24. Ndikudziwa kuti anyamata ena muno mukung'ung'udza, makamaka inu amene mumanyamula matumba a chimanga ndi kukankha njinga za makala kupita ku Lusaka. Mphamvu muli nazo, sindikutsutsa. Koma minofu imene imakoka uta ili kumsana, pakati pa mapewa, ndipo khasu ndi thumba siziigwiritsa ntchito mwanjira imeneyi. Amuna opikisana pa Olimpiki amakoka mapaundi a m'ma 40 kufika cha m'ma 50. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera mapaundi 44. Tangoganizani kuchikoka ndi zala zitatu, kuchigwira osagwedezeka, n'kubwereza maulendo 72, chifukwa gawo loyamba la mpikisano lili ndi mivi 72 yoponyedwa pa mtunda wa mamita 70. Chandamale chake ndi cha masentimita 122 m'mimba mwake, ndipo kabwalo kapakati ka mapointi 10 ndi ka masentimita 12.2, kuchepa kuposa mbale ya ndiwo. Anthu amenewo anafika pamenepo atakwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. M'mera mpoyamba. Amene wayamba ndi uta womuposa amaphunzira kukweza phewa, kugwedeza mutu ndi kutaya nsinga asanaloze, ndipo zizolowezi zimenezi zimavuta kuchotsa kuposa kuphunzitsa munthu amene sanagwirepo uta.

Mayeso ake ndi osavuta. Kokani mosadukiza, uta uli wolunjika kuchandamale, osaulozetsa kumwamba kuti mupezerepo mphamvu. Mukafika pofikira, werengani pang'onopang'ono mpaka 10, kenako bwezani nsinga mofatsa. Pumani pang'ono, bwerezani kasanu. Ngati mwanjenjemera, mwaluma mano kapena phewa lakwera, utawo ngwolimba kwa inu lero. Tsikani, palibe chamanyazi. Mukamadzakwera, muziwonjezera mapaundi awiri, mukachulukitsa anayi. Ubwino wa mauta omasula ndi woti mumangosintha mapiko, chogwirira n'kukhala chomwecho. Aphunzitsi amene mukukayikira manambala a pa uta wakale, sikelo yokoleka ija ya ogula soya ndi mtedza ingakuthandizeni: koletsani nsinga pa ngowe yake, kokani uta mosamala kufika pa utali wa mwanayo, muwerenge makilogalamu.

Utali wa uta ndi nsinga yake

Apa tidutsa mwachangu, chifukwa ndi nkhani yongotsata manambala. Wokoka mainchesi osapitirira 24 amamuyenera uta wa 62 kapena 64. Wa 25 kufika 27 atenge wa 66. Wa 27 kufika 29 atenge wa 68, ndipo wopitirira pamenepo wa 70. Uta waufupi m'manja mwa munthu wamtali umapana zala chifukwa nsinga imapindika kwambiri, ndipo chakumapeto umauma mwadzidzidzi ngati wafika pakhoma. Uta wautali m'manja mwa mwana supindika mokwanira, muvi umachoka mwaulesi. Mukasowa wa saizi yeniyeni, kuli bwino kutenga wotalikirapo kusiyana ndi wofupikirapo.

Uta ukakungidwa, yezani mpata wa pakati pa nsinga ndi khosi la chogwirira. Pa uta wa 66 mpatawu ukhale cha pakati pa masentimita 21 ndi 23, pa wa 68 ndi 70 uwonjezekere pang'ono. Ukachepa, nsinga imalira moipa ndipo imamenya dzanja. Mankhwala ake ndi kumasula nsinga, kuipota maulendo angapo, n'kuikunganso. Mukatha kuponya, masulani nsinga. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Chongwe mukukudziwa. Uta wosiyidwa padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata uli chikungire umatha kupotoka mapiko kapena kumatuka, ndipo wina sitingaugule pa msika wapafupi.

Muvi wautali ndiwo chitetezo

Pa zonse zimene ndanena lero, ichi ndicho chimene chingavulaze munthu. Muvi ukafupika kuposa kakokedwe kanu, nsonga yake imagwa kuchoka pa chotsamira chake n'kulowa mkati mwa uta. Zikatero inu n'kutaya nsinga, muvi umalasa dzanja lanu lomwe kapena kuthyoka n'kumwazika. Choncho muvi wa woyamba kumene upitirire utali wa kakokedwe kake ndi mainchesi awiri, ndiwo masentimita asanu. Pali njira yoyesera mwamsanga pamzere. Ikani kamphanda ka muvi pa fupa la pachifuwa, pansi pa khosi, mutambasule manja onse patsogolo, muvi uli pakati pa zikhatho. Nsonga yake ipitirire zala zanu ndi masentimita asanu kapena kuposa. Ikapanda kutero, bwezani muviwo m'phodo, si wanu.

Musadule mivi ya ana kuti ioneke yokongola. Wophunzira akamazolowera kugwiritsa ntchito msana, kakokedwe kake kamatalika ndi theka la inchi kapena inchi yathunthu m'miyezi yoyamba, kuwonjezera pa kukula kwa thupi. Muvi umene unamukwana temu yoyamba ungakhale woopsa temu yachitatu. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo pabwalo lathu mwambiwu tiziumva monga mmene ulili. Muvi uliwonse muziuyang'ana musanauike pa nsinga. Wosweka, wopindika kapena wong'aluka kamphanda upite kwa mphunzitsi. Nsinga musaitaye popanda muvi, chifukwa mphamvu yonse imabwerera m'mapiko ndipo uta ungathe kusweka m'manja mwanu. Wezulo akalira kawiri, bwerani pamzere. Kamodzi, ponyani. Katatu, katoleni mivi. Akalira kasanu kapena kupitirira, aliyense abweze nsinga nthawi yomweyo, ngakhale anali atatsala pang'ono kuponya. Ndipo mauta a kalabu ndi a chandamale chokha. Kusaka nyama popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la zanyama zakutchire la Zambia la 2015.

Wina anandifunsa za mauta a timawilo kunsonga, amene amatchedwa compound. Anayambitsidwa ndi Holless Wilbur Allen ku America m'zaka za m'ma 1960. Pa mauta amenewo utali wa kakokedwe umatcheredwa pa timawilo, ndipo nsinga ikafika pamenepo imaima nji. Kulakwitsa muyeso kumeneko n'koipa kwambiri, chifukwa munthu amakakamizika kupinda thupi kuti ligwirizane ndi makina. Pali mtundu wina wotchedwa Genesis umene umagwiritsidwa ntchito m'masukulu, ndipo umalola anthu a mikono yosiyanasiyana kugwiritsa ntchito uta umodzi. Sukulu imene ili ndi mwayi wosankha iuganizire, koma ngakhale pamenepo mwana aliyense ayenera kudziwa pofikira pake.

Mwina mukuganiza kuti zonsezi ndi za mayiko olemera. Tayang'anani kwa anansi athu. Areneo David wa ku Malawi anaponya mivi pa Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, woyamba wa dziko lake kufika kumeneko pa masewerawa, ndipo anabwereranso pa ya ku Tokyo imene inachitika mu 2021. Anamuphunzitsa ndi mayi Park Young-sook a ku Korea, amene iwo eni anapikisana pa Olimpiki ya ku Los Angeles mu 1984. Dziko la Korea ndilo likutsogola pa masewerawa: timu yawo ya amayi yapambana golide pa Olimpiki iliyonse kuyambira 1988 mpaka 2024, maulendo 10 otsatizana. Makochi a kumeneko amadziwika ndi chinthu chimene ife tingachikwanitse popanda ndalama, ndicho kukhalitsa ana pa kaimidwe ndi pa mphira asanawapatse muvi. Ine ndimakhulupirira kuti m'midzi ya Asoli, kuyambira ku Kasisi mpaka ku Chalimbana, muli ana a maso akuthwa ndi mitima yodekha amene angafike patali. Chimene chingawabweze ndi tsiku loyamba loipa, lotupitsa mkono, ngati la mtsikana uja.

Nanga tichita bwanji ndi mauta anayi? Tigawana magulu potsata miyeso, osati potsata magiredi kapena ubwenzi. Uta uliwonse tiumata tepi ya mtundu wake, mivi yake tiimatanso mtundu womwewo, kuti wa gulu lofiira asatole muvi wa gulu lobiriwira. Gulu limodzi likamaponya, ena akhala pa malegeni awiriawiri, wina akukoka mnzake akuyang'ana phewa ndi chigongono. M'kope la kalabu aliyense akhala ndi tsamba lake: dzina, tsiku, diso lotsogolera, mkwamba, utali wa pakhoma, utali wa pa uta, pofikira dzanja, mapaundi ndi utali wa muvi. Tiziyeza kumayambiriro kwa temu iliyonse, katatu pachaka. Ngati phewa kapena chigongono chikuwawa mkati, osati kutopa wamba, nenani tsiku lomwelo.

Tsopano imirirani, mutenge choko, mupeze mnzanu. Mukamaliza kulemba manambala anu, bweretsani makope ndiwaone mmodzimmodzi, ndipo amene tsamba lake lakwanira akatenge malegeni panja. Kunyumba mukayezenso mkwamba wa mng'ono wanu kapena wa amayi anu, muwerengere utali wa kakokedwe kawo m'masentimita ndi m'mainchesi. Lachisanu mubwere ndi yankho, mutavala malaya osakhuthukira, ndipo a tsitsi lalitali mulimange kumbuyo kuti lisakodwe mu nsinga.